Yemwe Fachtna Ankamulira

Lolemba, 7 Okutobala

M'sitima, ndikuchokera ku Dublin. Bondo likuwawa. Tiyi wa muno ngati madzi otsukira makapu.

Ndilembe zonse ndisanafike kunyumba, chifukwa ndikangofika ndiyamba kudzinamiza.

Chaka chachisanu ndi chitatu ndili pa Fachtna Bán, mlakatuli wakale wa kwathu. Ndinayamba nditangopuma pa uphunzitsi, ndikuti zaka zinayi digiri ya udokotala wa maphunziro ikhala m'manja. Pano ndili ndi zaka 63, maso atha, ndipo a ku yunivesite anena kuti pa 31 mwezi uno ndi pomaliza, sawonjezeranso. Eithne, wondiyang'anira, ndiye anandituma ulendowu. Akuti laibulale ina inalandira buku la pamanja chaka chatha kuchokera ku banja lina la ku America, muli ndakatulo za kwathu. "Ingokalionani, Gobnait, kuti pa mayeso asadzakufunseni." Ndinapita ngati munthu wokasainira kalata.

Kabuku kakang'ono, kakuda m'mbali, kakununkhabe utsi. Nditangotsegula ndinadziwa dzanja. La F. mwini wake, osati la wokopera. Chilembo chake cha g chokhala ndi mchira wobwerera m'mbuyo ndingachizindikire ngakhale opanda magalasi. Ndinasangalala mwina kwa mphindi khumi.

Tsamba 41. Maliro a Chigwa. Nyimbo yathu, imene mwana aliyense wa m'parishi muno amaidziwa asanadziwe kumanga nsapato, imene ndaphunzitsa zaka 33. Yolira mabanja 31 amene Ralph Wetherall anawathamangitsa m'Chigwa mu 1758 kuti aikemo ng'ombe.

Pamwamba pake, m'dzanja lomwelo: Fachtna Bán anapeka izi pa imfa ya mbuye wake wokondedwa Ralph Wetherall, 1761.

Ndinawerenga katatu. Mizere 48, ndipo 42 ndi yomweyo imene timaimba. M'Chigwa mulibe utsi, zitseko zili pululu, mbalame zasiya kulira. Ife timapitiriza kuti, pakuti latichotsa dzanja lolanda. Iye analemba kuti, pakuti lagona dzanja lopatsa. Chigwa chikulira, inde. Chikulira mwini wake.

Mayi woyang'anira chipinda chowerengera anabwera. "Muli bwino, amayi?" Ndinati ndi bondo.

Lamulungu likubwerali tikuvundukula mwala wachikumbutso panja pa tchalitchi. Pa mwalapo anagoba kale: FACHTNA BÁN, PAKAMWA PA OTHAMANGITSIDWA. Mawuwo ndinasankha ine.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Tsiku lonse pa tebulo, zithunzi za dzulo mbali iyi, makalata awiri a F. amene tikudziwa kale mbali inayo. Ndimafuna chilembo chimodzi chokha chosiyana. Palibe. Pepala nalonso ndi la zaka zomwezo. Ndinayesa kuganiza kuti mwina ankamunyoza W. mochenjera, mawu okoma pamwamba, mpeni pansi. Ndinafufuza mpeniwo mzere ndi mzere mpaka mutu kuwawa. Mulibe. Munthuyu ankalira, kapena ankadziwa kulira pa ntchito.

Chimene chandipweteka kwambiri n'chakuti yake ndi yabwino kuposa yathu. Pamalo asanu ndi limodzi amene ife timaimba mosiyana, kamvekedwe kamatsimphina pang'ono. Ndinazindikira zimenezi kalekale, ndipo m'mutu 3 wa buku langa la digiri ndinalemba masamba anayi kufotokoza kuti F. anachita dala, kuti chisoni chinamuthyola mawu. Masamba anayi.

Treasa, mng'ono wanga, anabwera masana ndi buledi wotentha. Sanakhale pansi. Alendo a ku Boston afika Lachisanu, anthu 14, zidzukulu za othamangitsidwa aja. Makapu a muholo sakukwana. Mwamuna wake Muiris, wapampando wa komiti, sakugona chifukwa cha nyengo. A Siún, woimba wathu wachikulire, akuyeserera nyimbo m'mawa uliwonse mpaka galu amathawira kunja.

"Nanga iwe nkhope imeneyo? Ku Dublin anakubera?"

"Ndatopa chabe."

"Uvale chovala chobiriwira chija. Chakuda umaoneka ngati sisitere."

Ndinadya buledi theka ndili chiimire.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndamuimbira Eithne. Ndinamva mpando wake ukukhwekhwereka.

"Gobnait, mukudziwa chimene mwapeza? Anthu amatha moyo wonse osapeza chinthu chotere."

Kenaka anayamba kundiphunzitsa. Kuti nthawi imeneyo mafumu akale amene ankadyetsa alakatuli anali atatha, ena kuphedwa, ena kuthawira kunja, minda italandidwa. Kuti mlakatuli ankafunika kudya, ndiye ankaimbira aliyense wokhala ndi khitchini. Kuti dziko kulira mbuye wake ndi kalembedwe kakale, aliyense ankatero. Ndinamusiya amalize. Ali ndi zaka 38, ndi mwana wabwino. Zonsezo ndinazilemba ine m'mutu 1, za alakatuli a maparishi ena. Wathu yekha ndinamupatula.

Ndinamuuza za mndandanda wa nyumba wa 1760 umene uli m'bokosi langa kuyambira chaka chachiwiri. M'Chigwa munatsala nyumba zitatu. Ziwiri za abusa a ng'ombe za W. Yachitatu ya F. Ine ndinalemba kuti anakana kuchoka.

"Ndiye zikugwirizana bwinobwino," anatero.

"Eithne, inu simugula mkaka kuno."

Kenaka anati mutu 3 uyenera kulembedwanso wonse, masamba 70, ndipo ayesa kundipemphera miyezi ina koma sakulonjeza. Za Lamulungu anati zimenezo sangandithandize.

Mvula kuyambira m'mawa. Ndayatsa mbaula koyamba chaka chino.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndinawapeza alamu a Muiris panja pa tchalitchi, akumanga pulasitiki pa mwala kuti mphepo isauvundukule tsiku lisanakwane. Ndinawagwirira chingwe, ndipo ndinanena zonse ndikuyang'ana mfundo.

Sanakalipe. M. sakalipa, amangofiira makutu.

"Mukutsimikiza, alamu?"

"Ndikutsimikiza."

"Si inu nomwe munkatsimikiza zinazo?"

Ndinakokanso chingwe.

Anakhala pa khoma, navula chipewa. Anati zaka zinayi akhala akuyenda khomo ndi khomo chifukwa cha mwalawu. Anati anthu 14 akwera ndege mawa, wina ndi gogo wa zaka 80 woyenda ndi ndodo ziwiri. Anati agogo awo aamuna ankavula chipewa nthawi zonse podutsa pa bwinja la nyumba ya F., ndipo iwonso amatero pakakhala palibe wowaona.

"Munthu wagona zaka mazana awiri ndi theka. Sangadikire mpaka Lolemba?"

"Iye angadikire. Koma ine ndili ndi zolankhula Lamulungu, ndipo sindingaziwerenge."

"Werengani pena, pena mudumphe. Nenani za mbalame. Anthu amakonda za mbalame."

Ndinaseka, iwonso anaseka pang'ono. Ndinavomera kuti ndikhala chete mpaka Lolemba, ndipo pa mwambo ndingonena zaka zimene anabadwa ndi kumwalira, ndi kuti anali katswiri wa mawu. Zonsezo n'zoona. Anandigwira paphewa. "Treasa musamuuze. Ali ndi makapu ake."

Pobwerera ndinadutsa njira ya m'Chigwa. Ng'ombe zilimobe, za M. tsopano.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndaphwanya lonjezo lisanathe ngakhale tsiku limodzi.

Máiréad, mwana wa a Siún, anaimba foni m'mawa kuti amayi ake akufuna ndikaone mawu a nyimbo asanawasindikize pa timapepala. Ndinapita cha m'ma 11. A Siún ali ndi zaka 88, maso saona bwino, koma makutu ndi lilime zili zonse. Akhala akuimba Maliro a Chigwa pa maliro, pa wailesi, pa mipikisano, kuyambira ndisanabadwe. Ine ndinaimva koyamba kwa iwo ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, nditakhala pansi pa tebulo la amayi.

Ndinawerenga kapepalako, ndinati zonse zili bwino. Anandisiya ndimwe tiyi theka.

"Iwe mwana wa Nell, mawu ako lero ali ngati a munthu wobisa botolo. Treasa akuti unabwera ku Dublin ngati wochokera ku manda. Unakapezako chiyani?"

Ndikanatha kunena kuti ndi bondo. Ndawanamiza ansembe, ndawanamiza oyendera sukulu, koma awa sindinawanamizepo. Ndinatulutsa foni, ndinawawerengera mutu wake, kenaka ndakatulo yonse mmene F. anailembera.

Sanandidule. Milomo yawo inkayenda limodzi ndi ine m'mizere imene akuidziwa, n'kuima pamene pasiyana, ngati munthu wophonya sitepe m'nyumba mwake momwe.

"Dzanja lopatsa," anatero nditamaliza.

"Eya."

"Wetherall."

"Eya."

"Anapatsa ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za nthawi imeneyo, za mafumu amene anatha, za njala, zonse za Eithne zija. Anakweza dzanja.

"Agogo a agogo anga anabadwira mu dzenje la m'mbali mwa msewu chaka chimenecho. Nawonso anali ndi njala. Sanapeke nyimbo."

Kenaka anaitana Máiréad. "Uwauze a Muiris kuti Lamulungu ine sindiimba. Zaka makumi asanu ndi awiri ndakhala ndikulira maliro a Wetherall osadziwa. Zakwana."

Ndinawapempha. Ndinati nyimbo imene iwo amaimba si ya W., ndi yathu, anthu anaisintha. Anati, "Anthu ake ati?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Zaka zisanu ndi zitatu, ndipo sukudziwa." Sananene mwaukali. Anangotembenuzira nkhope ku zenera.

Máiréad anandiperekeza mpaka pa galimoto.

Loweruka, 12 Okutobala

Treasa anafika 8 koloko isanakwane, osagogoda, jasi ili pa zovala zogonera.

"Zikomo kwambiri, aphunzitsi."

Sananditchulepo choncho chibadwire.

Anati M. wakhala pa foni kuyambira dzulo madzulo. Anati M. anapita yekha kwa a Siún kukawagwadira ndipo anamupatsa tiyi n'kumuuza kuti atseke chitseko potuluka. Anati ine nthawi zonse ndimafuna kukhala wolondola, kuyambira tili ana, ngakhale nyumba ipse.

"Anandifunsa, Treasa. Ndikanatani?"

"Ukananama. Anthu amanama tsiku lililonse kuti anzawo agone. Ine ndinawanamiza amayi miyezi isanu ndi umodzi kuti akuchira, iwe uli m'mabuku ako m'chipinda chinacho."

Si zoona zonse, usiku ndinkakhala nawo ine. Koma sindinatsutse. Ndatopa ndi kukhala wolondola, akanadziwa.

Masana kunabwera uthenga wa komiti pa foni, waulemu kwambiri. Poona kuti pulogalamu yatalika, gawo langa alichotsa. Akundithokoza pa zonse.

Ndinapitabe ku sitolo, shuga anatha. Nditalowa nkhani inaduka. Kuseri kwa shelefu wina anati, "Akuti analipeza buku ku Dublin." Wina, "Ku Dublin umapeza chilichonse ukachifuna." Wa pa kauntala, Colmán, amene ndinamuphunzitsa nyimboyi ali sitandade 3, lero ali ndi dazi, anandifunsa chapansipansi akundipatsa chenji.

"Aphunzitsi, n'zoona?"

"N'zoona."

"Ndiye munandimenya ndi rula chifukwa cha nyimbo ya Wetherall?"

"Ndinakumenya chifukwa unkaimba ngati ng'ombe."

Anaseka yekha. Ena onse ankawerenga zolemba pa zitini.

Ndatsegula mutu 3 kuti ndione chimene chingapulumuke. Ndatseka.

Lamulungu, 13 Okutobala

Ndinavala chakuda. Ndinakhala kumbuyo pa misa, pafupi ndi chitseko. Benchi ya a Siún inali yopanda munthu.

Mvula inaleka nthawi yake, M. akanasangalala likanakhala tsiku lina. Anthu anali ambiri kuposa amene ndinkayembekezera, mwina ena anabwera kudzaona ngati kukhale ndewu. Ansembe anadalitsa mwala. Alendo a ku Boston anaima kutsogolo ndi maambulera awo atsopano. Wina anali atawauza kale, zinkaoneka pa nkhope za awiri kapena atatu.

M. analankhula mwachidule, pepala lili m'manja. Ananena za mabanja 31, anatchula mayina onse osaphonya, ndipo pamenepo ndinaona anthu akupukuta m'maso. Atafika pa F. anaima. Anapinda pepala.

"Za bambo uyu, masiku ano tamva zambiri. Ine ndine mlimi, sindidziwa. Mwalawu ndi wolemera, sitiuchotsa lero."

Anakoka nsalu. Mawu anga aja, akuluakulu, oyera. Wogoba anagwira ntchito yabwino.

Pamene pakanaimba a Siún, M. anati tiimbe tonse. Tinayamba bwino. M'Chigwa mulibe utsi. Titafika pa dzanja lolanda, mawu anachepa, ngati aliyense akumvetsera mnzake kuti aona atani. Ena anapitiriza, ena anasiya. Ndime yachitatu inatsala ndi anthu mwina khumi, ndipo Colmán ndiye ankamveka kwambiri. Sanasinthe. Ine ndinaimba mpaka kumapeto, sindikudziwa chifukwa chake.

Muholo sindinafune kulowa, koma gogo wa ndodo ziwiri uja ananditsekera njira. Dzina lake Mrs Creedon. Chinenero chathu sadziwa, tinalankhula Chingerezi. Anati wamva kuti ndine amene ndasokoneza zinthu. Ndinati ndine. Anafunsa ngati dzina la makolo ake lili pa mapepala enieni, kapena nalonso ndi nyimbo chabe. Ndinamuuza kuti lilipo, nyumba yachisanu ndi chinayi kuchokera pa mlatho, mwamuna, mkazi, ana anayi, ndi mayi wokalamba. Ndinamuuza kuti maziko ake akuonekabe udzu ukafupika.

"Ndizo ndinabwerera," anatero. "Wandakatuloyo si m'bale wanga."

Mdzukulu wake anamutengera kukadya. Treasa anandidutsa atanyamula thireyi ya makapu, maso kutsogolo.

Kunyumba 3 koloko. Ndinagona ndi nsapato.

Lolemba, 14 Okutobala

Palibe waimba foni. Mutu 3 ndauika m'bokosi la pansi pa masitepe.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Eithne walemba. Andipatsa mpaka kumapeto kwa Janyuwale, ngati ndingatumize ndondomeko yatsopano sabata ino. Ndayang'ana pepala loyera ola lathunthu. Ndikudziwa chimene F. sanali. Chimene ndingalembe masamba 70 sindikuchidziwa. Mwina ndingosiya. Dokotala wa zaka 63 wofuna kuchiza ndani.

Ndachapa makatani, chinthu chimene sindinachite kuyambira amayi atamwalira.

Lachitatu, 16 Okutobala

Máiréad anabwera yekha m'mawa, injini osazimitsa. "Amayi akukufunani. Akuti mubwere ndi kamakina kanu kojambulira mawu. Masiku atatu sakudya bwino, akungong'ung'udza, ndiye chonde musawakwiyitsenso."

Ndinawapeza pa mpando womwe uja, bulangete pa maondo.

"Khala apo. Usandifunse mmene ndadzukira."

Anati kuyambira Lachisanu pali chinthu chikuwazungulira m'mutu. Nyimboyi anaiphunzira kwa azakhali awo a Léan, amene ankakhala nawo ali mtsikana. Ndime zonse zimene timadziwa. Koma a Léan akamachapa kapena akamapukusa mkaka, pakakhala palibe mwamuna pafupi, ankawonjezera ndime ina kumapeto, nyimbo yomweyo koma mofulumira, ngati yovinira. A Siún anaiimbapo kamodzi pa tebulo ali ndi zaka khumi ndipo amayi awo anawawomba khofi, kuti ndi yamwano. Kuyambira pamenepo sanaiimbenso. Ankaganiza kuti ndi yonyoza wopemphapempha wina wadyera.

"Yatsa kanthu kakoko."

Mawu awo ndi ochepa tsopano, koma sanaphonye kamvekedwe.

Iwe wa tsitsi loyera, wanyambita mbale ku nyumba yaikulu,
denga lako lili pomwepo, athu ali mu dzenje,
walira bwino, walira mokoma, tamva tonse tili pa msewu,

Anaima. Anabwerezanso kuyambira pachiyambi, anaimanso pomwepo.

"Mzere wachinayi wapita. Ndaufuna masiku atatu."

Wa tsitsi loyera. Bán, m'chinenero chathu, ndiye kuti woyera tsitsi. Ndikudziwa chimene Eithne anganene: mizere itatu, ya mayi mmodzi wa zaka 88, amene waikumbukira atamva kale nkhani yonse. A mayeso angaitaye pa mphindi imodzi. Ndinawauza a Siún zimenezo, chifukwa ndaleka kuwabisira zinthu.

"Ndiye ukuti ndapeka?"

"Ine ayi. Iwo adzatero."

"Ndikanapeka ndikanamaliza."

Ndinawafunsa kuti a Léan anaitenga kwa ndani. Anatchula mayina anayi, mmodzi pambuyo pa mnzake, akazi okhaokha, mpaka kwa mayi wina amene ankangomutcha Cáit wa pa Mlatho. Ndinalemba onse. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ali m'masamba anga 300. Zaka zonsezi ndinkabwera m'nyumba muno kudzafunsa za F., ndipo ankandiyankha za F.

Ndikunyamuka anati, "A Léan sankachapa okha. Ankachapa ndi Bab, mnzawo wa pamtima. Ngati wina anaumva mzere wachinayi, ndi ana a Bab."

Bab anali ndi ana awiri. Mmodzi anamwalira ku London. Winayo ndi Muiris.

"Ndikudziwa," anatero a Siún ndisanatsegule pakamwa. "Pita."

Sindinapite. Ndinafika pa mphambano ya kwawo n'kukhotera kwathu.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndinapita m'mawa, nthawi imene amamaliza kukama. Treasa anali pa zenera la khitchini. Anandiona, sanatuluke. Ndinazungulira kuseri.

M. anali akutsuka pansi m'khola ndi paipi, nsapato zamphira, nsana kwa ine. Ndinaima pakhomo mpaka anatembenuka.

"Alamu. Mwapezanso buku lina?"

"Ayi. Ndabwera kudzakuimbirani."

"Ng'ombe zangotuluka kumene, musazibweze."

Ndinaimba choncho, paipi ikuthira. Mawu anga si a Siún, ndipo ndinali ndi manyazi ngati mwana wa sukulu. Mzere woyamba sanasinthe nkhope. Wachiwiri anatsitsa paipi. Nditamaliza wachitatu ndinaima, madzi akuyenda pa nsapato zanga.

Anapita kukatseka mpopi. Anaima pamenepo dzanja lili pa mpopi, makutu ofiira. Kenaka, osaimba, anangonena ngati munthu wowerenga chikwangwani:

"Iye anatenga nyumba zathu, ife tatenga nyimbo yako."

Ndinawapempha abwereze. Anabwereza, ulendo uno ndi nyimbo yake, mofulumira, phazi likugunda pansi.

"Amayi ankaimba potsuka zitini za mkaka. Tsiku lililonse. Bambo anga anachita imvi ali ndi zaka 30, ndipo ankakonda kukadya kwa abwana awo a ku fakitale ya batala. Ine moyo wanga wonse ndimadziwa kuti amayi ankanena iwo."

Anakhala pa chitini chogadabuza, nayamba kuseka, mapewa okha akugwedezeka, kenaka sikunalinso kuseka. Ndinayang'ana kumbali.

Ndinawafunsa ngati angalole ndiwajambule mawu, ndi kulemba dzina lawo ndi la amayi awo, ndi tsiku, kuti a Siún asakhale okha. Anati ayambe asamba m'manja.

Treasa anali ataima pakhomo la khola, sindikudziwa kuyambira liti, manja m'thumba la epuloni. Anayang'ana mwamuna wake, kenaka nsapato zanga.

"Uvule zimenezo usanalowe m'nyumba mwanga," anatero, n'kubwerera.

Ndikulemba izi pa tebulo lawo, ndavala masokosi a M. Kamakina kali pakati pa shuga ndi batala. M. wabwera, wakhala moyang'anana nane, akuyang'ana cholembera changa.

"Mulembe bwino ulendo uno, alamu. Ndilibe mwala wina."